Lamlungu Njinga Ilibe Katundu

Masiku asanu ndi limodzi njinga yanga ndi bulu.
Imasenza matumba awiri a kachewere
kuchoka kudimba mpaka kumsika wa Ulongwe,
ine ndili pansi, ndikukankha, ndikuitukwana pachitunda.
Lero ndamasula zingwe zonse pakeliyala,
yapepuka ngati ngongole yokhululukidwa.

Panalibe pangano ayi.
Tinangopezana pansi pa bulugamu wa Atanaziyo womata machubu.
Kustodiyo kalipentala, mimba patsogolo iye pambuyo,
anabwera kudzapopa tayala basi.
Belimira namwino anali atachezera kuchipatala,
maso ali psuu, akufuna tulo.
Anaputa ndi Atanaziyo, akupukuta girizi pathalauza:
"Mwakalamba nonsenu.
Palibe angaponde mlatho ine ndisanafike."

Belimira sanayankhe.
Anangokwinya chitenje, nachimanga mfundo m'chiuno,
phazi papedulo.

Ndiye mtsetse uja!
Liwiro la mtondo wadooka,
fumbi lofiira koboo kumbuyo,
masipoko akulira ngati njuchi zasochera mng'oma,
mphepo ya ku Domwe ikundiboola malaya,
ikufinya misozi yopanda maliro.
Chipewa changa chinapita, sindinachitsanzike.
Mbuzi zinabalalika, nkhuku inasiya nthenga m'malere,
amayi ochoka ku Misa anaima, mabuku pachifuwa:
"Kodi si anamwino awo?"
Ana pachulu akukuwa, "Titiyu, palasani! Akupitirirani!"
Ine, bambo wa ana asanu, wa imvi m'ndevu,
ndinamva pakamwa panga pakutuluka mfuu
umene ndinausiya kalekale tsidya la malire.

Paja tinaphunzirira konko, ku Dedza, nthawi ya nkhondo,
ana khumi ndi awiri, njinga imodzi ya akatekisi,
yopanda mabuleki, belu lomanga ndi waya.
Tinkalowetsa mwendo pansi pa mtanda
poti chishalo chinali kutali ngati kwathu.
Ukagwa sunkalira, ukalira ataya mwayi ndiwe.
Mwa khumi ndi awiri aja tatsala anayi.
Ena ali ku Moatize kumalasha, ena ku Joni,
ena anagona.
Anayife ndi ano, tikutsetsereka, mano pamtunda.

Pokhota paja tcheni cha Kustodiyo chinakana.
Anapalasa mphepo, anaitana amake,
nalowa m'dimba la kabichi la eni ake, thapsa!
Nsapato imodzi m'ngalande, inayo kuphazi.
Tinaseka mpaka kugwira nthiti,
ine ndinachita kukhala pansi pamsewu,
mpweya wathawa, chifuwa chikutentha.
Mwini dimba anatulukira ndi khasu paphewa,
nawerenga mitu yophwanyika: isanu.
"Akuluakulu inu, chibwana cha mchombo lende chotere?"
Tinasonkha metikashi, yake yake ya m'thumba,
iye akulandira, akuluma mlomo kuti asaseke,
kenako: "Nanga wapambana ndani?"

Belimira anali kale pamlatho,
miyendo lendee pamwamba pa madzi,
akudya nzimbe, tulo tathawa.
Atanaziyo akuti tayala lake linali lofewa.
Womata machubu, tayala lofewa!
Tidzamukumbutsa mpaka kumanda.

Pobwerera tinakankha chitunda chomwe chija
chimene ndimachitukwana Lolemba mpaka Loweruka.
Lero ndinangochiona kufupika.
Tinakambirana za mtengo wa feteleza pang'ono,
kenako Kustodiyo anati, "Sabata yamawa tiyambire kumtunda kwa sukulu,"
akutsimphina, tsamba la kabichi lili pakolala.

Kunyumba Felizarda anandiyang'ana kuyambira kumapazi.
"Chipewa chili kuti?"
Ndinati mphepo.
"Nanga matopewa?"
Ndinati Kustodiyo.
Anapukusa mutu, nanditenthetsera madzi a mawondo.

Mawa matumba akudikira, ndikudziwa,
zingwe zili pakhomo, msana udzalankhula.
Koma usiku uno potuluka kukakhoma khola
ndinadutsa pamene yatsamira khoma,
ndinayang'ana uku ndi uku,
n'kuliza belu kamodzi.
Ngiriii.
Galu wa aneba anayankha.