Mlendo wa Zipsepse Zofiira

Wogulitsa ku Area 3 anati zimatheka,
uku akumanga kajumbo ka madzi ndi mphira.
"Bola thanki ikhale yotakasuka, mayi,
muikemo zomera zoti ena azibisalamo.
Koma zimatengeranso mtima wa nsombayo."
Zaithwa sanamve zotsirizazo.
Maso anali pa beta wake,
wofiira ngati dothi la ku Kauma mvula itakata,
zipsepse zikukhwekhwereka ngati chitenje chonyowa.

Mu minibasi ya ku Chilinde anamufungatira pamiyendo.
Kondakitala anafunsa ngati ndiwo zake ndi zomwezo.

M'thankimo munali kale eni nyumba,
magapi asanu ndi awiri,
aja ndinagula mwezi umene bambo ake
ananyamula sutikesi ndi wailesi kupita ku Area 25,
kutisiyira shelefu yoti tisowe choikapo.

Masiku atatu kunali bata.
Tsiku lachinayi gapi wamphongo wa mchira wa lalanje
anadutsa monyang'wa pamphuno pa mlendo.
Beta anatupa masaya, nadzitambasula yense,
poyesa kuti waona mnzake wolimbirana naye malo.
Kutacha, mchira uja unali nsanza.
Koma ndisakhale mboni yokondera:
nawonso magapi ankamutsina zipsepse
akatsamira tsamba kuti apume,
n'kuthawa ngati ana ogogoda pageti pa eni.

Ine ndine mzamba ku Bwaila.
Mimba ikatsika ndimaidziwa, ngakhale ili m'madzi.
Wamkazi mmodzi anali atakhuta mbali zonse,
kadontho kakuda kakukula pansi pa mimba,
akudzipatula kuseri kwa pampu.

Ndinachoka kuntchito mbandakucha wa mu Juni,
nsapato zikununkhabe mankhwala.
Magetsi anali atazima, pampu ili zii,
ndinaunika ndi foni.
Sanaikire mazira.
Ankatulutsa tiana tamoyo, topindika,
tongowongoka n'kuyamba kusambira,
maso awiri ndi kachingwe basi.
Palibe mchombo wodula,
palibe sikelo, palibe kulira,
palibe apongozi odikira panja ndi fulasiki ya phala.
Ndinawerenga mwa chizolowezi,
kamodzi, tiwiri, titatu,
mpaka khumi ndi tinayi.

Beta anabwera mosafulumira,
ngati bwana woyendera wodi,
nayasama.
Zimenezo ndinaziyembekeza.
Chimene chinandikhazika pansi pasimenti
n'chakuti mayi uja anatembenuka,
naona kanthu kakuyenda,
nameza.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndakhala ndikukuwa kuti kankhani, mayi, kankhani,
ndikuika mwana pachifuwa cha amake
ndili ndi chikhulupiriro chonse.
M'mawa umenewo ndinathamangira sefa ya tiyi.
Ndinawola tisanu ndi tinayi,
n'kutiika m'botolo la mayonezi
lomwe ndinafunditsa sikafu yanga.

Zaithwa anadzuka ndi yunifolomu yosasita.
Anayang'ana botolo, anayang'ana thanki.
"Ndiye tichotse ndani?"
Ndinati kasambe, uchedwa.

Loweruka tinadula chivundikiro cha ndowa yakale,
tinachiboola ndi msomali wootcha pambaula,
n'kuchiimika pakati pa thanki.
Madzi amadutsa. Nsomba ayi.
Mchira wa lalanje ukumera pang'onopang'ono,
wotumbuluka m'mphepete.
Tiana tatsala tisanu ndi tiwiri, tayamba mawanga.

Beta kumbali kwake wamanga chisa cha thovu,
amakwera, kutapa mpweya, kulavula,
kukonza pamene paphwasuka,
ngakhale palibe amene akubwera kudzaikiramo.
Nthawi zina amaima pa timabowo,
osatupa masaya, kungoyang'ana.

Zaithwa amawadyetsa asananyamuke,
uku pang'ono, uko pang'ono,
kenako amatenga chikwama cha zovala za masiku awiri
n'kukakwera ya ku Area 25.
Amabwerako Lamlungu dzuwa litapendeka,
ndipo asanandipatse moni
amayamba wawerenga nsomba.