Gudumu Lakutsogolo

Njinga yako, Ovidio, inakulira pa phula la ku El Alto,
kuzembera maminibasi ngati khoswe m'ming'alu.
Gudumu lake lakutsogolo,
la mainchesi khumi ndi asanu ndi awiri,
linkamva ngakhale zamumtima mwako:
iwe kungoponya diso kumanzere, ilo lakhota kale.

Ine andituma kumidzi ya ku Yungas,
bokosi la katemera nditamanga kumbuyo.
Ulendo woyamba gudumu lija linalonjera dzenje lililonse,
linakangana ndi mwala uliwonse,
mpaka m'matope otsikira ku Chulumani
linandiponya chagada,
ine n'kukwawira bokosi ndisanaone bondo langa.

Don Fortunato Apaza sanaseke.
Anasuntha koka m'tsaya, anagwada,
anayeza mafoloko ndi chikhatho cha gilisi.
"Tiikapo la makumi awiri ndi imodzi.
Koma dziwiranitu, anamwino,
mukasintha phazi mwasinthanso mayendedwe.
Musadzabwere kuno n'kumati ndakuberani njinga."

Masiku atatu.
Anakweza madigadi, anasula kachitsulo kogwira mabuleki,
anamanga masipoko limodzilimodzi,
kuwagogoda ndi sipanala, khutu ali tcheru,
mpaka onse analira mawu amodzi.
Gudumu lako analikoleka pa msomali
pafupi ndi kalendala ya chaka chatha.
Ine maso kumbali.

Tsopano mphuno yake yakwera.
Pamaloboti ndimaima chonyang'ama,
nsonga za nsapato zokha ndizo zifika pansi.
Pa phula yasanduka bulu:
pokhota ndiyenera kuiuza kawiri,
kukankha chiwongolero, kuponyako ndi chiuno,
ndipo imavomera monyinyirika,
n'kuzungulira patali ngati munthu wothawa ngongole.
Nako kamuvi ka liwiro kaphunzira bodza.
Kamati makumi asanu
pamene mphepo ya ku La Cumbre ikundiuza zina m'mano.

Koma phula likatha!
Ovidio, ukanaona.
Maenje amene ankalimeza lija, ili limangowapsopsona pamwamba.
Nsangalabwi zimathawa zokha.
Chiwongolero chimene chinkanjenjemera m'manja mwanga
chili phee, ngati dzanja la dokotala posoka bala,
phompho lili apo, chifunga chili tolo,
mathithi akundithira madzi m'khosi,
tayala lopyapyala likung'amba matope
n'kusunga mzere umene ndaupatsa.

Lachinayi ndinabaya ana makumi atatu ndi mmodzi.
Botolo silinasweke ndi limodzi lomwe.
Kamtsikana kena, misozi isanaume,
kanakayeza msinkhu wake pa gudumu
n'kupeza kuti likukafika pachibwano.

Amayi anaizungulira njingayo pabwalo Lamlungu,
anagwira thanki pamene chigongono chako chinafufutitsa penti.
"Yatalika," anatero. Basi.
Analowa m'nyumba.

Nthawi zina ndikabwerera mumzinda usiku
ndimayesa kulowa mpata umene iwe ukanalowa,
pakati pa basi ndi ngolo ya malalanje.
Imakana.
Ndimagwira buleki, ndimadikira ngati wina aliyense,
ndipo ndimakwiya, sindidziwa kuti ndi yani.

Dzulo Don Fortunato anandiimitsa.
Akuti pali mnyamata wopereka mapasulo
akufuna gudumu la pamsomali, ndalama ali nazo m'manja.
Tayala lake likadali ndi mano,
lili ndi kamwala koyera kamene kanalowa mumng'alu
tsiku limene sindikulidziwa, mumsewu umene sunandiuze.

Ndamuuza adikire kaye
mvula ithe.