Kuno Kulibe Nyanja

Okutobala watentha mpaka malata akulira okha
ngati wina akuyenda pamwamba.
Wakwera ndine, Zelipa, mwana wachitatu,
poti anyamata ali ku Kitwe ndi ku Joni,
ndipo mawondo a atate anakana makwerero
chaka chomwe tinaika amayi.

Iwo akhala pa buloko, pansi pa mpapaya,
maso achita ng'ala, khutu lokha lili tcheru.
"Ponda pa misomali, pamene pali mtanda.
Ukaponda pakati
ugula lata ndi ndalama zako za ku saluni."

Zaka zisanu ndi zinayi anakhoma madenga ku Beira,
ndipo nkhaniyo sinathebe.
"Kumeneko mphepo imabwera itasenza mchere.
Msomali woukhoma pa Khirisimasi
pofika Isitala wafiira,
ukaugwira ukungoyoyoka m'manja.
Denga tinkalisambitsa ndi madzi a pampopi
ngati khanda."

"Kuno kulibe nyanja, atate."

Aseka mpaka chifuwa chiwagwira.
"Dikira Januwale.
Kanyama ali pa thanthwe, ndipo thanthwe silimwa madzi."

Ndatsitsa tayala lakale ndi mabuloko awiri
omwe akhala akukanikiza lata lapakona
kuyambira chimphepo cha chaka chija.
Pansi pake pali dzimbiri, buluzi,
ndi mpira wa ana a kwa a Yotamu.
Ndapala ndi burashi yawaya
mpaka zala zanunkha chitsulo.
Phula likubwata m'chitini cha mafuta ophikira,
ndadula mapatapata akutha tizidutswatizidutswa
kuti msomali uliwonse ukhale ndi pokhalira.

Iwo akuweruza nyundo ndi khutu.
"Umenewo walowa.
Umenewo wapinda, zula.
Pamenepo chiswe chadya, sendera chala chimodzi."

Pamwamba pa chipinda chawo
ndapeza zigamba zakale zisanu ndi chimodzi,
nsanza zonyikidwa m'phula,
ndipo pamene phula linasendeka
maluwa a chitenje cha amayi akuonekabe,
chija ankavala popita ku Soweto kukaoda tomato.
Pambali pake pali kabowo,
kakang'ono ngati njere ya therere.

"Kameneko kasiye."

"Ndi kamene kamanyowetsa matiresi, atate."

"Bedi ndimalikoka. Kasiye.
Amako ankaikapo beseni lachitsulo,
ndi limene limandiuza kuti mvula yakula bwanji."

Ndakumbukira chuku chakuda kuseri kwa wodiropu,
jekete lawo la ku tchalitchi lonunkha chinyezi,
mzere wa ku kiliniki,
namwino uja akundiyang'ana ngati ndine ndawadwalitsa.
Ndatenga phula ndi chala chachikulu,
osakhudza nyundo,
ndi kumata mwakachetechete.

"Wakasiya?"

"Ndakasiya."

Mvula yoyamba yabwera pa 19 Novembala, usiku,
magetsi atazima.
Yayamba ngati wina akuwaza chimanga pa malata,
kenaka sitikumvananso.
Ndayenda ndi tochi ya pafoni chipinda ndi chipinda,
ndowa ili m'manja, yopanda ntchito.

Kwawo ndawapeza ali tsonga pa bedi
lomwe alikokera kale pakati.
Beseni lili pamalo pake, louma.

Amvetsera nthawi yaitali.
Kunja ngalande yadzala, ikubweza mabotolo ndi mapepala
kulunjika pa khomo pathu.

"Bodza sulitha," akutero,
"koma kumata wakutha."

Sindikudziwa choyankha.
Ndawerama kuti nditenge beseni,
iwo aliponda ndi phazi.

"Lisiye.
Mawa uyang'ane khoma la kumadzulo,
madzi akukwera kuchokera pansi,
penti yatupa, ndaimva ndi dzanja.
Ugule laimu ndi theka la thumba la simenti.
Mchenga ukapemphe kwa a Yotamu,
uwabwezere ndi mpira wawo uja."