Mang'ina a pa Mbare

Ndaziona anachezera ndi foni usiku wonse,
magetsi atathima ku Matapi,
batire likuwefuka,
akupemphera mang'ina a mayi ake malo
m'nkhokwe ya chidziwitso ya pa intaneti.

Analemba bwino, ndinawerenga ndekha:
kuti ziboda za ng'ombe amayamba waziwawula,
n'kuzipala ndi mpeni wothyoka nsonga,
kenako zibwate pa makala
mpaka fupa livomere kusudzulana ndi mnofu;
kuti kuno amati mazondo,
koma bambo anga, amene anachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi
n'kukalambira m'khitchini ya mzungu ku Avondale,
ankati mang'ina mpaka tsiku lowaika.

Lachinayi yankho linafika
kuchokera kwa munthu amene nkhope yake sitidzaiona:
Chakudyachi n'chodziwika kwa yani?
Buku liti linachitchulapo? Nyuzipepala iti?
Popanda umboni, tifufuta.

Umboni!
Tiyi ananditsamwa.
Abwere aone anyamata oitanira makombi
atandanda pa mzere sikisi isanakwane,
mawu atasasa, ndalama itanyowa m'chikhato.
Aone namwino wa ku Gomo uja
amene amabisa kontena pansi pa juzi,
ndi mdala wogulitsa matayala
woyamwa fupa ngati akuimba chitoliro,
msuzi ukutsetserekera kuchigongono.
Nyuzipepala yokhayo inakhudzapo mang'ina athu
ndi ija timapukutira zala.

Komabe usiku tulo tinandithawa.
Mwina mlendoyo sanalakwe kwenikweni.
Mphika uliwonse wa mu Harare ukafuna tsamba lake,
wa ku Mufakose, wa ku Epworth, wa pa ngodya ya kwathu,
nkhokweyo sidzaphwasuka?
Nanga iye, kutsidya kwa nyanja,
adziwa bwanji kuti sitikumunamiza?
Fungo silikwera waya.

M'mawa tinapita kukawauza a Nangondo.
Tinawapeza akukupiza moto ndi chivundikiro cha ndowa,
maso ali psuu ndi utsi.
Anamva zonse osatembenuka.
Anangofunsa kuti, Wofufutayo anadyapo?
Tinati ayi.
Ndiye mukulimbana naye chiyani munthu wanjala?
Muuzeni abwere Loweruka zisanathe,
asaiwale dola yake.

Kenako anamuloza Ndaziona ndi chipande:
Iwe, za chimene ndimathira pomaliza chija,
unalembanso?
Mwanayo anapukusa mutu.
Wachita bwino. Zimenezo afufute ndani,
poti sizinalembedwe.

Tsamba analichotsadi Lolemba.
Ndaziona analira pang'ono kuseri kwa shedi,
kenako anasamba m'manja n'kuyamba kugawa mbale.
Mawu ake akadali m'foni yong'aluka galasi.
Akuti tsiku lina adzapeza mtolankhani
woti amudyetse kaye, alembe pambuyo.

Ine ndinatenga fupa langa,
ndinakhala pa kreti,
ndipo kwa kanthawi ndithu
palibe amene anayankhula.