Maondo a Che Likwanya

Afika pakhonde langa la makina pa Namwera
ndi mapepala awiri ochokera kwa mwana wawo ku Ulaya.
Akuti, telala, tandiyeza kuchokera m'chiuno mpaka bondo.
Tepi yanga sinama: munthuyu ndi mlongoti.

Ndege yoyamba, akuti, mpando umagonera kumbuyo,
koma nkhuku yake ngati yophikira odwala.
Yachiwiri ili ndi tiyi wotentha, bulangeti,
kakanema kumsana kwa mpando wa mnzako,
koma maondo amapsompsona chitsulo usiku wonse.
Anawauza ndi Abiti Saizi,
amene anatsika pa Chileka nsapato zili m'manja,
mapazi atatupa ngati mandasi.

Maola khumi ndi anayi!

Ndawakumbutsa lole ya ku Chiponde ija,
titakhalira matumba a nandolo,
mbuzi ikutipumira m'khosi,
iwo akuseka mpaka pamlatho wa Shire.

Akhala chete.
Kenaka akuti, nthawi imeneyo maondowa anali anga.

Asankha yotsika mtengo,
kuti ndalama yotsala agulire mdzukulu mpira.
Andisiyira thalauza ndikulitse m'chiuno.
Ndi zidutswa za nsalu
ndawasokera katsamiro,
ndipo m'buku la ngongole sindinalembemo.