Kachilembo ka m'Mphete

Lachitatu, chisanu cha ku El Alto chikuluma zikhatho,
bambo Teófilo Huanca anaika buku pa makina anga a fotokope.
Chikuto chosokedwa ndi ulusi waubweya,
masamba a Luka atada ndi zala za zaka makumi anayi.
"Khumi ndi awiri, mayi Fermina. Luka yekha.
Mpingo wonse tikulimbirana limodzili."

Ndinatsegula tsamba loyamba, mwa chizolowezi cha ntchito.
Ako kali apo, kachilembo kozingidwa m'mphete,
kochepa ngati nsabwe,
koma kumbuyo kwake kuli ofesi, maloya, nyanja yamchere.
Osachulukitsa popanda chilolezo cholembedwa.

Anaseka ndi mano ake atatu.
"Chilolezo cha Luka? Si adamwalira kale amene uja?"

Ine sindinaseke.
Ndimamudziwa mkazi wamasiye wa womasulira,
mwamuna wake adatha maso
posaka liwu la Chiaymara loyenera chisomo;
timakobiri ta bukuli ndi tomwe timamugulira mankhwala a shuga.
Ndidaonaponso Baibulo lakuba la pamsika
litadumpha mavesi asanu a pa mtanda, popanda wodandaula.
Mpanda umatchinga mbuzi,
umatchinganso mwana wanjala.

Tinalemba kalata. Sitampa ndinagula ndine.

Miyezi isanu ndi iwiri, zii.
Mkuluyo sanadikire manja ali m'thumba:
anagawa Luka ngati buledi.
Mwana wolowerera kwa Nélida wogulitsa mbatata zouma,
Msamariya kwa kondakitala wa minibasi,
nyimbo ya Mariya kwa kamtsikana kachibwibwi
komwe pa mawu amenewo sikapunthwa.
Aliyense asunge gawo lake pamtima.

Yankho linafika mu Ogasiti, pa pepala losalala.
Mwaloledwa makope makumi awiri,
osagulitsa, dzina lathu lioneke.
Anali aulemu ndithu, anapepesanso pochedwa.
Teófilo n'kuti atagona masabata atatu m'dothi lozizira.

Ndinayatsabe makina.
Kuwala kobiriwira kunayenda pansi pa galasi,
uku ndi uku, uku ndi uku,
mpaka mutu wa khumi ndi chisanu,
pomwe chinyezi chidadya theka la tsamba.
Ndinatuma mwana akaitane Nélida.
Anaima pakhomo, katundu ali kumsana,
nanena za bambo amene anaona mwana wake akali kutali,
ine ndikulemba ndi bolopeni m'mphepete.

Mizere inayi imeneyo ndi ya dzanja langa,
yochoka pakamwa pake.
Kachilembo kaja sindikudziwa kuti ndikaike pati.