Mphindi Zitatu pa Cerro Barón

Kanyali ka rauta kanali kobiriwira pomwe ndinkakhala pansi.
Kaphethira kawiri, basi kafiira psuu.
Nkhope ya Amparo yauma pa sikirini, kukamwa yasaa,
funso lake lathera pa "Bambo, kodi mwamwa"
ndipo mankhwalawo atsakamira penapake
pakati pa Montreal ndi phiri lino la Valparaíso.

Ndazimitsa. Ndawerenga mpaka makumi atatu
monga anandiuzira mtsikana wa ku kampani,
yemwe ananditchula Don Eleuterio kasanu ndi kawiri
n'kutsiriza ndi kuti kwawoko zonse zikuoneka bwino.
Kwawoko.

Ine ndinakalambira pa chikepe chokwera phiri,
kudzoza girizi zingwe zonenepa ngati mkono.
Chingwe chenicheni chimalira chisanaduke,
chimatulutsa timinga, chimakulasa chala kuti udziwe.
Koma ichi chimaduka mwakachetechete m'malere,
chopanda nsonga yoti munthu n'kugwira.

Ndinanamizira mphepo yochokera kudoko.
Ndinanamizira mchere umene wadya mahinjesi a zenera.
Mphaka ndinamuthamangitsa pakabokosi pomwe amaothera,
wosalakwa, mpaka lero sandiyang'ana.
Ndinagula waya watsopano wachikasu, wautali mopitirira,
ndinakweza rauta pamwamba pa kabati
pambali pa chipewa cha malemu mkazi wanga.
Gaspar, mdzukulu wa mwini golosale, anabwera akutafuna chingamu,
zala zake waliwali pa kiyibodi,
anati wasintha madalaivala, anamwa tiyi, n'kupita.
Usiku womwewo, psuu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ndinatulutsa kope lakale la kuntchito
n'kuyamba kulemba ngati ndikulondera mota yodwala:
Lolemba, 9:41, yabwerera 9:44.
Lachiwiri, 9:38, yabwerera 9:41.
Lachitatu ndinagona pampando.
Lachinayi, mphindi zitatu zomwezo.
Lamulungu, palibe. Lamulungu linalo, palibenso.
Ndi matenda anji opuma tsiku la Mulungu?

Ndiye usiku wina, kanyali katangofiira,
ndinazimitsa wailesi, nyumba yonse zii,
khutu ndinaligunditsa kukhoma lamatabwa.
Kuseriko china chake chikung'ung'udza,
mbale ikuzungulira, ikugunda pang'ono pomwe inabenthuka.
Kenako: ngii!
Ndicheuke, kobiriwira.

Doña Herminia Cárcamo anatsegula atavala jekete la kuchipatala,
nsapato imodzi kuphazi, ina kumanja.
Zaka zisanu ndi zinayi tikupatsana moni wa pamasitepe,
sindinkadziwa kuti amasenda buledi m'timagawo tinayi,
kuti mayikulowevu yake ndi yamkulu kuposa Gaspar,
chitseko chake chomangidwa ndi selotepi,
kuti Lamulungu amakadya kwa mng'ono wake ku Quilpué.
Ndinamuonetsa kope.
Anawerenga masiku ake onse obwerera mochedwa,
anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe,
kenako anasiya kuseka, n'kufunsa ngati ndadya.
Msuzi wa nyemba ndi maungu, mchere wochepa.

Gaspar akuti n'zosavuta:
rauta ili ndi njira yachiwiri yomwe uvuniwo sungaifikire,
kungodina pawiri, nkhani yatha.
Anandilembera papepala. Pepalalo lili pansi pa shuga.

Dzulo Amparo anafunsa ngati zinakonzedwa.
Ndinati pafupifupi.
Anayamba kundilongosolera za chipale chofika m'mawondo,
za bwana wake wosamva,
ndipo 9:40 itakwana anaumanso, dzanja lili m'mwamba.
Sindinakhudze batani lililonse.
Ndinamwa mapilitsi anga awiri ndi madzi ozizira,
ndinamvetsera mbale yobenthuka ija ikuzungulira,
ndikudziwa kuti wina wakwera masitepe zana ndi makumi awiri
ndipo wafika.

Ngii.
"...ndiye ndinamuuza kuti ayi. Bambo, mukundimva?"
Ndikukumva, mwanawe. Bwerera pang'ono, pa chipale paja.